Dotolo, Sing'anga wa Mvula, ndi Munthu Wonena "Kaya"

Mwezi wa Okutobala ukafika pa Silverest, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka m'boma la Chongwe, maso a anthu akhala kumwamba. Dzuwa liswa mtengo, pfumbi likuta masamba m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Chipata, ndipo zitsime ziyamba kupereka madzi mwaumbombo. Malowa asintha msanga m'zaka zapitazi. Pamene panali mafamu ndi thengo tsopano pali nyumba za njerwa zozingidwa ndi mipanda, ndiponso sukulu yaikulu ya University of Lusaka. Koma kuseri kwa mipandayo dziko likali la Asoli, ndipo wolima cimanga akali kudikira mtambo monga anacitira agogo ace.

M'mwezi womwewo, m'boma lomwelo, mvula ifunsidwa m'njira zosiyana. Pa 18 Okutobala, tsiku limene Pulezidenti Edgar Lungu analipatula mu 2015 kuti likhale la mapemphero a dziko lonse, Akristu asonkhana nasala cakudya, ndipo mvula siisowa m'mapemphero ao. Kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, Asoli acita mwambo wao wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukokera mitambo pansi: amfumu apempha mvula kwa Mulungu podzera mwa makolo, adalitsa mbeu, nabzala zoyamba m'munda. Ndipo pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, losatalikira ndi Silverest, anchito a boma oyesa nyengo alemba za mphepo ndi cinyontho tsiku ndi tsiku. Koma m'dzinja la 2023 kulowa 2024 mvula inadula pakati, cimanga cili pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupifupi miliyoni imodzi anapserera. Okhala m'mipanda nao sanapulumuke, pakuti madzi atatsika m'Kariba magetsi anasowa, ndipo makina okokera madzi m'zitsime anaima.

Munthu amene anaimirira m'munda mwace caka cimeneco, naona cimanga cili kuuma cisanabereke, anali ndi cifukwa cofunsira: kodi nkoyenera kukhulupirira cinthu cimene palibe angacitsimikize? Funsoli si lacilendo. Pali masamba owerengeka, olembedwa zaka zoposa 160 zapitazo, amene analigwira bwino kuposa maulaliki ambiri ndi mitsutso yambiri ya m'masukulu. Ali m'mutu woyamba wa buku la David Livingstone lochedwa Missionary Travels and Researches in South Africa, losindikizidwa ku London mu 1857. Mlembiyo sanafike pa Silverest. Pa ulendo wace wa ku Quelimane anadzera kumunsi, kumene mtsinje wa Chongwe uthira m'Zambezi. Koma mkangano umene anaulemba ukhoza kumveka lero pansi pa mtengo uliwonse wa m'bomali.

Nkhani yace inacitika pa Kolobeng, m'dziko limene lero lichedwa Botswana. Livingstone anakhala kumeneko kuyambira 1847 pakati pa Abakwena, amene mfumu yao inali Sechele. Sechele anali munthu wa nzeru zakuya, amene anaphunzira kuwerenga mofulumira modabwitsa, ndiponso anali wochuka pa nchito yoitana mvula. Mu 1848 anabatizidwa, atabweza akazi ace kwao ndi kutsala ndi mmodzi, nasiyanso mankhwala a mvula. Tsoka ilo, cilala cinakula m'zaka zomwezo. Mtsinje wa Kolobeng unaphwa, nsomba zinafa zambirimbiri kotero kuti afisi analephera kuzitha, ndipo Livingstone asimba kuti singano zosiyidwa panja miyezi yambiri sizinacite dzimbiri. Akazi anagulitsa zokometsera zao kuti agule cakudya kwa mitundu ina. Ana anamwazika m'thengo kukumba mizu. Cimene cinawawa koposa ndi cakuti mitambo inali kusonkhana ndithu, mvula nigwa pa mapiri apafupi ndi kwa anansi amene analibe mphunzitsi kapena Buku, koma pa Kolobeng ai. Akulu a mudzi anadza kwa Mzunguyo kudzamdandaulira kuti alole mfumu iitane mvula pang'ono pokha, nalonjeza kuti akatero onse adzabwera ku sukulu ndi kupemphera monga afunira iye.

Pamenepo Livingstone analemba kukambirana kwa anthu awiri: dotolo wa mankhwala a Cizungu, ndiye iye mwini, ndi sing'anga wa mvula, amene m'kamwa mwace anaikamo mau amene anali kuwamva kwa anthu ambiri. Dotolo apeza sing'anga atayala mankhwala ace, nanena kuti mitambo ilamulidwa ndi Mulungu yekha. Sing'anga abvomereza msanga: iyenso adziwa kuti mvula ndi ya Mulungu, ndipo mankhwalawo ndiwo mapemphero ace. Mulungu, atero iye, anapatsa Azungu mfuti, zobvala, akavalo ndi ngolo, koma anthu akuda anawapatsa kanthu kamodzi kakang'ono, ndiko kudziwa mankhwala a mvula. Ndipo popeza iwo sanyoza za Azungu zimene sazidziwa, Azungu nao asanyoze kanthu kamodziko. Dotolo amtsutsa kuti amadikira mitambo ibwere, ndiyeno afukiza mankhwala ndi kulandira ulemu woyenera Mulungu. Sing'anga ambwezera mpeni womwewo: dotolo naye apereka mankhwala kwa odwala, wina acira, wina afa; akacira ulemu ndi wa dotolo, akafa dotolo sataya mankhwala ace. Nanga sing'anga atayirenji ace mvula ikakana? Potsiriza dotolo, mau atamthera, anena kuti sing'anga anyenga anthu ndi kudzinyenga yekha. Ndipo sing'anga ayankha kuti ngati kuli tero, onyengawo ndi awiri.

Wowerenga Cinyanja samuona sing'angayu ngati mlendo. Acewa anali ndi kacisi wao wa ku Msinja, kumene Makewana anali kupempha mvula kwa Cisumphi, ndipo Amang'anja ali ndi Khulubvi wa Mbona ku Nsanje. Kumenekonso munthu sanayesedwe wolenga mvula. Anali wopempha kwa Cauta, mwini uta wa m'mitambo.

Coyamba coyamikira m'masambawa ndi kuona mtima kwa mlembi. Mabuku a amishoni a zaka zimenezo ali odzala ndi asing'anga opusa, amene agwa pa funso loyamba nathawa ndi manyazi. Livingstone anali kulembera anthu a ku Britain, omwe aja anali kusonkha ndalama za mishoni, ndipo cikadamkomera kuwaonetsa cigonjetso. Koma anapatsa wotsutsana naye mau akuthwa koposa, nampatsanso mau otsiriza, naulula kuti ndi mitsutso yotere sanatembenuze munthu ndi mmodzi yemwe. Wowerenga wosakondera atseka bukulo ali kudziwa amene wapambana pa bwalo, ndipo sindiye mlembi. Ulemu wotere usowa ngakhale lero, pamene wolalikira ndi wosakhulupirira yemwe akonda kudzisankhira mdani wofooka kuti amgwetse pamaso pa anthu.

Komabe masambawa ali ndi cilema, ndipo cilemaco ciphunzitsa kuposa ubwino wao. Dotolo wa m'nkhaniyi ali ngati mleme, amene pena akhala mbalame, pena mbewa. Pofunsa sing'anga alankhula monga munthu wa sayansi: afuna zooneka ndi maso, afuna kuyesa. Koma pofotokoza njira ya iye mwini alankhula monga mbusa: Mulungu apemphedwe m'dzina la Yesu lokha, cifukwa Buku litero. Muyeso umene ayesera mnzace sadziyesera nao. Pa Kolobeng panali mapemphero a Cikristu sabata ndi sabata, ndipo mvula inakana mapempherowo monga inakanira utsi wa sing'anga. Livingstone sanaganize kuti cimeneci citsutsa cikhulupiriro cace. Abvomera, mwa nthabwala pang'ono, kuti kawirikawiri anali kuganizira Satana kuti ndiye wotsekereza mitambo. Ndiko kunena kuti pemphero lace litapanda kuyankhidwa anapeza cifukwa cina, monga momwe sing'anga anapezera cifukwa m'mankhwala oipa a mitundu ina. Pamene sing'anga anati iwo ali awiri ofanana, mwina anali kuseka cabe, koma mubvi wace unalasa.

Mau ace onena za mankhwala a dotolo analinso oona kuposa m'mene Livingstone anadziwira. M'zaka za m'ma 1840 madotolo a ku Ulaya anali kukhetsa mwazi wa odwala ndi kuwamwetsa mankhwala a mercury, nadzitama pamene wodwala wacira yekha. M'bokosi la Livingstone munali kwinini, amene aciza malungo ndithu, koma munalinso zina zimene lero palibe dotolo angazipereke. Cimene cinalekanitsa pambuyo pace mankhwala oona ndi acabe si khungu la wopereka kapena dzina la Mulungu wace, ndi kuwerenga. Mu 1747 James Lind, dotolo wa m'combo ca nkhondo ca Angelezi, anatenga amalinyero 12 odwala nthenda yotupitsa nkhama, nawagawa awiriawiri, napatsa gulu lirilonse mankhwala ace. Amene anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anacira msanga. Njira ndi imeneyo: kupangana zisanacitike cimene cidzachedwa kupambana ndi cimene cidzachedwa kulephera, ndi kuwerenga akufa pamodzi ndi amoyo. Nkhanga zinapangana kusanapse.

M'kukambirana konseko muli malo amodzi pamene dotolo agwira njira imeneyi mwamphamvu. Afunsa ngati sing'anga angathe kugwetsa mvula pa munda uwu ndi kuumana munda uwo. Yankho la sing'anga ndi lokoma m'khutu: iye sangayese nkomwe, cifukwa cimene cimkondweretsa ndi kuona dziko lonse litabiriwira ndi akazi ali kululuta. Wowerenga asekerera, koma ayenera kuona kuti apa sing'anga wazemba. Mtima wabwino si yankho la funsolo. Nzeru imene ilandira ulemu mvula ikagwa, nikana mlandu mvula ikakana, yadziika pamalo pamene palibe cingaigwetse. Ndipo cimene sicingagwe, kuima kwace sikucitira umboni kanthu. Mkristu naye ali ndi khomo lomwelo lotulukira. Mu 1872 Francis Galton anawerenga zaka za moyo wa anthu a m'mabanja acifumu, amene amapemphereredwa kuposa anthu onse, napeza kuti sakhala moyo wautali kuposa olemera anzao. Okhulupirira anayankha kuti Mulungu sayesedwa monga mankhwala. Yankholo lili ndi ulemu wace, ndipo anthu ambiri anzeru aima pomwepo. Koma wolinena wataya ufulu wotsutsa sing'anga pa cifukwa cakuti mvula yace siinagwe.

Pali munthu wacitatu amene sapezeka m'masambawa, ngakhale ayenera kuti pa Kolobeng analipo, monga alipo m'mudzi uliwonse. Ndiye uja amamvera onse awiri, nakanda m'mutu, nati, "Kaya." Cinyanja cili ndi liuli kuyambira kale, Cingelezi cinapeza lace mocedwa. Mu 1869 Thomas Henry Huxley, bwenzi la Charles Darwin, anapanga liu lakuti agnostic kucokera ku Cigriki, kuti adzichule nalo pakati pa anzace a ku London amene yense anali wotsimikiza za zinthu zosaoneka, ena kuti Mulungu alipo, ena kuti kulibe. Huxley sananene kuti kulibe Mulungu. Ananena kuti munthu asamati adziwa cimene alibe njira yocidziwira. Anthu ambiri, abusa omwe, asokoneza zinthu ziwirizi, nayesa wonena kaya mdani wa Mulungu, pamene iye wangokana kucitira umboni mlandu umene sanauone. Komatu kaya ali pawiri. Pali kaya wa ulesi, wa munthu amene safuna kubvutika ndi funso. Ameneyo sayenera kumchulira Huxley. Ndipo pali kaya wa munthu amene wafunafuna, nafika pamene njira ithera, nakana kunama kuti waona kutsidya. Tomasi wa m'Uthenga Wabwino wa Yohane anali wa mtundu waciwiriwu, ndipo nkoyenera kukumbukira kuti sanapitikitsidwe. Anaitanidwa kuti akhudze.

Mnzace wina wa Huxley, William Kingdon Clifford, anapitirira pamenepo. M'nkhani yace ya mu 1877 anapereka fanizo la mwini combo cakale, amene anakayika ngati cikali colimba, koma m'malo mocikonzetsa anatonthoza mtima wace kuti Mulungu sangataye mabanja osauka ali pa ulendo. Combo cinamira ndi anthu onse, iye nalandira ndalama za inshuwalansi. Clifford ati munthuyo ndi wopalamula ngakhale anakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo akadakhala wopalamula ngakhale comboco cikadafika bwino, pakuti analibe ufulu wokhulupirira popanda kucifufuza. Fanizoli silifuna nyanja ya mcere kuti limveke. Mu 1995, pafupi ndi Liwonde m'Malawi, Billy Goodson Chisupe analota maloto, namwetsa anthu zikwi zambirimbiri madzi a khungwa la mtengo amene anachedwa mcape, nati aciza Edzi. Sanalipiritse munthu, ndipo palibe cifukwa comuyesera wonyenga dala. Koma kacirombo sikanamve za kuona mtima kwace, ndipo amene anabwerera kwao ali otsimikiza kuti acira anakwera combo ca Clifford, pamodzi ndi akazi ao ndi amuna ao.

Zikadathera pamenepa, wonena kaya akadatenga mlandu wonse. Koma sing'anga wa Livingstone ali ndi mubvi wina woposa yonse, ndipo ulasa Clifford pamodzi ndi dotolo. Dotolo atamuuza kuti ayese kuleka mankhwala ndi kungodikira, aone ngati mvula siigwa popanda iwo, sing'anga adabwa kuti munthu wamoyo angayese njala dala. Apa ndipo pagona nkhani. Kuyesa kuli kwa munthu amene ali ndi nkhokwe ina. Amene ali ndi munda umodzi, dzinja limodzi ndi ana asanu alibe dzinja lapadera loti alitaye pofuna kudziwa. William James wa ku America ananena zofanana mu 1896 poyankha Clifford: pali zosankha zina zimene sizidikira umboni, pamene kuleka kusankha nakonso ndi kusankha. Mlimi wa ku Chongwe adziwa ici popanda buku. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala ayenera kubzala kapena kuleka. Akabzala, mvula ingadule, mbeu ndi feteleza wa ngongole zipite. Akadikira kuti atsimikize, nthawi ipita, ndipo cimanga cocedwa sicidzaza nkhokwe. Wopemphera abzala, wa mizimu abzala, wonena kaya naye abzala, pakuti kaya saphika nsima. Onse aponya mbeu m'nthaka asanaone Febuluwale.

Cotero nkosatheka kukhala moyo pa zotsimikizika zokha, ndipo Clifford analamula coposa mphamvu ya munthu. Koma James naye asatengedwe mopitirira. Cimene mlimi acita pobzala ndi kuyembekeza, si kudziwa ai. Sanena kuti mvula idzagwa ndithu. Anena kuti ikagwa impeze atabzala. Ndipo mlimi wanzeru, ngakhale apemphere motani, abzalako mapira, cinangwa kapena khobwe pambali. Ndiko kukhulupirira ndi kunena kaya mumtima umodzi, ndipo anthu ambiri a m'midzi akhala motero masiku ao onse osaona kutsutsana kulikonse. Kulakwa kuyamba pamene ciyembekezo cibvala zobvala za cidziwitso, niciyamba kuuza wina kuti asabzale mapira, asamwe mankhwala a ku cipatala, asafunse amene wamtengera ndalama, cifukwa yankho latsimikizika kale. Pamenepo cikhulupiriro ca munthu mmodzi cilipiridwa ndi thupi la munthu wina.

Oyesa nyengo a pa bwalo la ndege aja ndiwo adzukulu a Huxley pa nchito yao, ngakhale ambiri a iwo apita ku mapemphero Lamulungu. Kalankhulidwe kao ndi kaya woyezedwa pa sikelo. Sanena kuti mvula idzagwa. Anena kuti mwina idzacepa kwakuti, mwina idzakwanira kwakuti, napereka cifukwa. Mu 2023 anacenjeza za El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, kumene kusokoneza mphepo za kutali ndi kucepetsa mvula kum'mwera kwa Afrika. Nao alakwa nthawi zina, ndipo alimi awaseka. Kusiyana kwao ndi sing'anga wa pa Kolobeng ndi kwakuti zolakwa zao zilembedwa, ziwerengedwa, nizikonza kuneneratu kwa caka camawa. Komabe nzeru yaoyo inena za mitambo yokha. Siiuza mai amene cimanga cace capsa cifukwa cace tsokalo lagwera iye, kapena m'mene angadzukire m'mawa. Pa mafunso amenewo sikelo ikhala cete, ndipo nkosadabwitsa kuti maiyo apita kumene kuli nyimbo. Pali cikhulupiriro cimene sicinapangane ndi Mulungu za mvula nkomwe, conga ca mneneri Habakuku amene anatsimikiza kukondwera ngakhale munda ndi khola zili zopanda kanthu. Cimeneco cilala sicingacitsutse, cifukwa sicinalonjeze kanthu kamene cilala cingakaphwanye. Koma pa cifukwa comweco sicingakhale umboni kwa munthu amene alibe.

Dziko la Zambia lakhala ndi mwai woona m'mene anthu amawerengera zizindikiro. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, mau amene analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Miyezi yotsatira, mu 1992, kunagwa cilala coopsa cimene cinakantha kum'mwera konse kwa Afrika. Pa 18 Okutobala 2015, tsiku loyamba la mapemphero a dziko, anthu anaona mkombero wonga utawaleza utazinga dzuwa, ndipo ambiri anati Mulungu wayankha. Koma dzinja lotsatira linali lobvuta, madzi a m'Kariba natsikirabe. Wosakhulupirira amene aloza cilala ca 1992 nati Mulungu kulibe, ndi wokhulupirira amene aloza mkombero wa 2015 nati alipo, alakwa kulakwa kumodzi. Mkomberowo upangidwa ndi kuwala kopyola m'timadzi toundana ta m'mitambo yopyapyala ya kutali kumwamba. Zilala za 1992, 2016 ndi 2024 zonse zinadza pamodzi ndi El Niño, ndipo zinakanthanso Malawi ndi Zimbabwe. Amene awerenga mkombero ngati inde ayenera kuwerenga cilala ngati iai, apo ai aleke kuwerenga.

Mwambo wa Chakwela Makumbi uyenera kuweruzidwa ndi muyeso womwewo, ndipo suuopa monga ena aganizira. Munthu akauyesa makina ogwetsera mvula, caka ca cilala ciutsutsa. Koma mwambowu upempha, sulamula. Ndipo ugwira nchito zina zooneka ndi maso. Uuza anthu onse kuti nthawi yokonza minda yakwana, usonkhanitsa Asoli amene dziko lao lili kudyedwa ndi mzinda mpanda ndi mpanda, nukumbutsa wobwera wa pa Silverest kuti nthaka imene wamangapo inali ndi eni ace. Zimenezi sizitsimikiza kuti makolo amamva. Zionetsa cabe kuti wonena kaya akhoza kuimirira pa bwalolo osanama, monga akhoza kukhala pa maliro a Cikristu osanama.

Cilema cacikulu ca masamba a Livingstone cili pa cinthu cimene sanacipime mokwanira: mtengo wa mkanganowo sunali wofanana kwa awiriwo. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Inde, banja la dotolo nalo linabvutika, linafika pa kudya dzombe. Koma iye anali ndi malipiro ocokera ku London, ndi ngolo, ndi kwina kopita, ndipo anapitadi. Sechele ndiye anatsala pakati pa anthu anjala amene anakhulupirira kuti mfumu yao yawamana mvula. Nkodabwitsa kuti munthu amene anasenza funsoli pamutu pace sapatsidwa malo m'kukambiranako, ndipo sing'anga amene alankhula m'malo mwace alibe ngakhale dzina. Cinthu cimodzi cimene anthu a mbali zonse anacita pamodzi, ndico kuchinga mtsinje ndi kukumba ngalande yothirira minda, mlembi acipitirira m'mizere yowerengeka. Ngalandeyo inathandiza caka coyamba. Mtsinje utaphwa, nayo inauma.

Sechele sanatsate dotolo kufikira kumapeto, ndipo sanabwerere kwa sing'anga kotheratu. Mu 1849 anaimitsidwa pa Mgonero cifukwa mmodzi wa akazi amene anawabweza anapezeka ali ndi pakati pace. Mu 1852 Mabunu anathira nkhondo anthu ace pa Dimawe, naphwasula nyumba ya Livingstone pa Kolobeng. Iye anakhalabe wowerenga Buku ndi wolalikira kwa anthu ace ndi kwa mitundu yoyandikana, koma anabwereranso ku miyambo ina ya makolo, ya mvula yomwe, kotero kuti amishoni amene anadza pambuyo anasowa dzina lomchula nalo, kaya Mkristu, kaya wakunja. Anamwalira mu 1892 pa Molepolole, zaka 19 Livingstone atafera kwa Chitambo.